Kachitini Kanalira, Ine Ndikuimba

Monire mose. Anzathu a ku Kasungu amene muli pano, muli bwanji. Manjawo tsitsani, musandiombere, sindinabwere kudzavina.

Ine ndine Yotamu Mbewe. Ndinabadwira ku Kasungu, ndinalowa kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndinakwatira kwa Chikomeni, ndipo pano ndili ndi zaka 68. Abusa andipempha kuti ndikupatseni mawu olimbikitsa, inu amene mwapereka mawaya a misampha lero kuti mulandire ming'oma ya njuchi. Olimbikitsawo ndilibe. Ndauyang'ana mulu wa mawaya uli pakhomopo, ndipo mtima wanga ukuwira. Onsewo ndi adzimbiri, othetheka, oti ngakhale gwape wodwala angadule. Abwino aja mwawasiya ali chitcherere m'thengo. Abusa mungawanamize, poti iwo sanatcherepo msampha, koma ine ayi. Mvula yayamba, ndipo masabata awiri sakwana akazi anu asanalowe m'thengo momwemo kukazula bowa.

Tembenukani muone mayi amene akhala pabenchi yakumbuyo, ndodo ziwiri atazitsamiritsa pakhoma. Amenewo ndi a NyaZimba, akazi anga. Mwendo wawo wakumanzere umathera pabondo. Amene mwachokera kutali mwina mukuganiza kuti ndi shuga kapena njoka. Si shuga, si njoka. Ndine. Andilola okha kuti ndinene, ndiye khalani chete mumve.

Nditakwana zaka 61 msana unayamba kukana khasu. Mwana wanga woyamba, Tiyezge, anatenga munda ndi zigafa za fodya. Sanalakwe mwanayo, lero ndikhoza kuvomera. Anati, "Adada, pumulani, nchito mwagwila yakwana." Koma kupumula kwake kunali kukhala pakhonde n'kumaingitsa nkhuku pamphale. Ndikati fodya uyu mukuthyola asanakhwime, iye amangoti "yewo adada," ndiko kuti zikomo bambo, n'kupitiriza kuthyola. Ine amene ndinaswa mphanje pamalo amenewo, ndinasanduka mlonda wa nkhuku. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndinapita nawo kokachasu.

Kokachasuko ndi kumene ndinapalana ubwenzi ndi Sandifolo, mdala wa msinkhu wanga, wopanda mano akutsogolo, amene m'thumba mwake simunkasowa nyama yowamba. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Mbewe, uzafela pakhonde. Ku thengo kulibe mwana wokuuza kuti pumula." Mawu amenewo anandilowa kuposa kachasu. Titakolola ndinatenga nkhwangwa, bulangete ndi poto, ndinauza a NyaZimba kuti ndikukafula uchi masiku atatu. Ndinatha miyezi isanu ndi umodzi.

Tinayenda tsiku lathunthu kupitirira mudzi womaliza, mpaka tinalowa m'nkhalango yotetezedwa, kumene sitiloledwa, n'kumanga msasa pamtunda wa mtsinje. Ndinene zoona, poti nanunso mukudziwa: miyezi yoyamba inali yokoma. Msana unasiya kuwawa. Ndinkadzuka mbalame zisanayambe, kumwa madzi ofukula pamchenga, kufula uchi m'mphanga za mitengo, kuphunzira kusiyanitsa phazi la mbawala ndi la gwape. Munthu wa zaka 62 ndinkakwera phiri osapumira panjira. Palibe ankanditcha agogo. Ndikanangokhutira ndi uchi ndi mpweya umenewo, bwenzi lero ndikukuuzani nkhani ina. Koma ife sitinapitire mpweya, tinapitira nyama.

Kwa abusa ndi amayi amene simudziwa, msampha wa nguluwe umapangidwa chonchi. Umatenga waya wa buleki ya njinga yamoto, n'kumuwotcha kuti fungo lichoke. Umapinda kamtengo kakakuwisi konenepa ngati mkono, kumangako wayayo, khwekhwe lake n'kuliyala pansi panjira ya nyama, kufotsera ndi masamba. Nyama ikapondapo, kamtengo kamafwamphuka n'kukweza mwendo m'mwamba. Kunsonga kwa kamtengoko timamangirira kachitini kokhala ndi timiyala, kuti kakalira tidziwire kumsasa kuti kwakodwa kanthu. Ena ndi mawaya a pakhosi, ongomanga pamtengo n'kusiya kukamwa kuli yasa.

Sandifolo anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, ukatchera waya mmodzi umange mfundo imodzi paluzi lovala m'khosi, ukachotsa umasule, kuti usaiwale waya m'thengo. Lachiwiri, nguluwe ikakodwa usaithamangire, ingakung'ambe mimba. Uisiye tsiku lonse itope, ukaimalize mawa.

Kutsika kwake kunali kwachangu. Anthu a njinga ankatipeza pathanthwe lina pakati panjira, ife nyama, iwo zigubu za kachasu. Poyamba tinkamwa tikamaliza ntchito. Kenako tinkamwa tisanayambe. Kenako ndinkatchera chigubu chili m'khwapa, mfundo ndikumati ndimanga ndikafika kumsasa, kufika kumsasa n'kugona. Nyama zina zinkawolera pawaya chifukwa ndaiwala kumene ndinatchera, ndinkazidziwira kwa miimba. Mvula yoyamba itagwa Sandifolo anati tiyeni tikadzale. Ndinati ndikadzale m'munda mwa yani, wa Tiyezge? Anapita yekha, n'kundisiyira chigubu chodzadza.

Tsopano pano ndiyenda pang'onopang'ono. Inu a jekete yofiira, musayang'ane pansi, yang'anani kuno.

Tsiku limenelo ndinadzuka dzuwa lili pamutu. Mtsinje unali utadzadza, ukukokoma moti munthu ukalankhula sumadzimva bwino. Ndili chikhalire pakhomo pa msasa, ndinamva kachitini kakulira kumunsi kwa mtsinje. Kheche, kheche, kheche. Kenako zii. Patapita kanthawi, kheche, kheche, kheche. Ziinso.

Amene munatcherapo mukudziwa kuti nguluwe siliza kachitini choncho. Nguluwe imapalapata mosalekeza, mopanda dongosolo, mpaka mphamvu zithe. Uku kunali kulira katatu n'kusiya, katatu n'kusiya, ngati munthu akugogoda pachitseko. Mlenje aliyense wosaledzera akanaimirira nthawi yomweyo. Ine ndinaseka. Ndinati yachenjera iyi, ikusunga mphamvu. Ndipo ndinakumbukira lamulo lachiwiri la Sandifolo, lakuti uisiye itope. Taonani uchitsiru wanga: lamulo la mfundo, lofuna kuti ndigwire ntchito, ndinali nditalitaya kalekale, koma lamulo londilola kukhala pansi ndinalisunga ngati la m'Baibulo.

Ndinakoka chigubu. Ndinamwa. Ndinayamba kuimba, nyimbo za kwaya zenizeni, zimene tinkaimba ndi a NyaZimba tili achinyamata. Kachitini kakalira, ine ndinkakweza mawu n'kumakuwa kuti, "Vina, mawa ndiwe ndiwo." Kanalira masana onse mpaka dzuwa kupendeka, kulira kwake kukunka kutalikirana. Ine ndinaimba mpaka tulo tinandigwetsa.

M'mawa mwake ndinatenga nkhwangwa ndi mkondo, ndikutsetsereka ndi mtsinje, malovu ali m'kamwa. Ndinali nditawerengera kale kuti mwendo wakumbuyo ndisinthanitsa ndi zigubu zingati. Chinthu choyamba kuona chinali dengu litagudubuzika m'matope. Pambali pake panali mchere utasungunuka ndi mvula, timapilisi ta malungo, ndi malaya anga oyera a kutchalitchi, ositidwa, atapindidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Ndinaima n'kumadzifunsa kuti malaya anga afika bwanji kuno. Kenako ndinaona chitenje.

A NyaZimba anali gada m'matope, mwendo wakumanzere uli m'mwamba, waya wanga atalowa pamwamba pa kakolo mpaka osaonekanso. Mwendowo unali utatupa, wakuda bii, ntchentche zili ng'waa. Anali atanyamuka kunyumba masiku awiri m'mbuyomo, atatopa ndi kudikira munthu wa masiku atatu. Anakafunsa njira kwa Sandifolo, iye n'kungowauza kuti tsatani mtsinje, osatchulako za misampha ngakhale liwu limodzi. Njira yotsata mtsinjewo inali imodzi yokha, ya nyama, ndipo ndi m'mene ine ndinatcheramo. Anakodwa m'mawa ine ndili mtulo. Anakuwa mpaka mawu anauma. Mawu atatha, anaona kachitini kali lendelende pamwamba pawo, ndipo njira yokaliza inali imodzi: kukoka mwendo womwewo. Kheche aliyense amene ndinkamva, waya ankalowa m'mnofu.

Ndinagwada pamenepo. Anatsegula maso, milomo ili yong'aluka. Iwo chikwatirane ankanditcha awiske Tiyezge, ndiko kuti bambo a Tiyezge. Ndinayandikitsa khutu, ndipo anangonong'ona kuti, "Awiske Tiyezge, ninakumvelani mukuimba."

Mphepo inkachokera kumsasa kupita kwa iwo. Ananditsatira nyimbo zonse, imodzi ndi imodzi, akudziwa kuti mwamuna wawo ali pafupi, ali moyo, akumva kachitini.

Ndinadula kamtengo, mwendo n'kutsika, koma waya anakana kumasuka. Ndinkamanga mfundo yanga yosabwerera m'mbuyo, ndipo ndinkanyadira nayo pamaso pa Sandifolo. Ndinawabereka ali ndi waya yemweyo. Msana uja unkakana khasu unanyamula munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pamudzi woyamba anatithandiza ndi ngolo kukafika kukiliniki, akukiliniki anatitumiza kuchipatala cha ku Boma. Madokotala anayesetsa, koma anati magazi anasiya kuyenda nthawi yaitali. Mmodzi anandifunsa kuti anakhala pawaya maola angati. Nditayankha, anafunsanso kuti, "Nanga inu munali kuti?" Akanapezeka masana oyamba aja, mwendo ukanapulumuka.

Tiyezge atafika kuchipatalako sanandimenye, ngakhale ndinkafuna atandimenya. Anangoti, "Adada, tulukani." Ndinatuluka, ndipo sindinakhote, ndinapita kukadzipereka ndekha kwa alonda a nyama zakutchire. Khoti linandipatsa miyezi isanu ndi inayi. Sandifolo atafunsidwa anati sandidziwa, amangondiona kokachasu. Mpaka lero abusa akudziwa kuti kumukhululukira ndikadalimbana nako. Koma waya sanatchere ndi Sandifolo, ndipo amene ankaimba si Sandifolo. Kundende masabata oyamba thupi linkafuna kachasu moti ndinkaluma bulangete. Musandimvere chisoni inu, zinali zondiyenera.

Nditatuluka ndinapita kunyumba. Ndinapeza a NyaZimba atakhala pakhomo, ndodo imodzi ataipingasa pachitseko. Sanandilonjere monga kale. Anati, "A Mbewe, mawaya munatchela angati?" A Mbewe, ngati mlendo wogula mtedza. Ndinavula luzi lija m'khosi, ndinawerenga mfundo, zinali 31. Iwo anati, "Kabweletseni onse. Womaliza akalowa m'nyumba muno, na imwe muzalowa." Ndinayala mphasa m'chigafa chakale.

Ndinapempha alonda aja kuti ndiziyenda nawo, anandilola. M'masabata atatu ndinazula mawaya 31, ndinabwera nawo ndikuyenda monyada ngati ndapha mkango. A NyaZimba anawapachika pamsomali pakhonde n'kufunsa, "Atha?" Ndinati atha. Anati tidikire mwezi umodzi. Mwezi usanathe, galu wa munthu wina wofula uchi anafera pawaya pafupi ndi msasa wanga wakale. Anandibweretsera wayayo, ndipo mfundo yake inali yanga, aliyense amadziwa kamangidwe kake. Ameneyo anali wa 32, woti paluzi panalibe. Ndinabwereranso, ndinafika 35, ndinanenanso kuti atha, ndikulumbira. Chilimwe chomwecho alonda anapeza mafupa a mbawala pawaya wina. Wanganso. Kawiri konse ndinanamiza mayi wa mwendo umodzi, osati chifukwa ndinkadziwa kuti atha, koma chifukwa ndinatopa ndi kugona m'chigafa.

Apa ndi pamene ndinasiya kudalira luzi. Luzi limangodziwa mawaya amene unatchera uli bwinobwino. Mawaya a kuledzera aja amawadziwa ndi thengo lokha. Ndiye mverani zimene ndachita zaka zisanu izi, poti ena mwa inu mukufunika kuyamba mawa.

Kachasu ndinasiya, ndipo sindinasiye ndi pemphero lokha. Ndinasintha njira. Kupita kuchigayo ndimazungulira kudambo, mtunda wowirikiza, kuti ndisadutse pamene amatcheza kachasu. Mundiseke, koma ndikudziwa mphuno yanga. Thengo sindinalisiye, chifukwa thengo silinandilakwire. Ndinamanga kamsasa m'mphepete, mbali yololedwa, ndili ndi ming'oma khumi ndi inayi, ndimagonako masiku ena, koma sindichoka pakhomo osanena kumene ndikupita ndi tsiku lobwera, ndipo tsikulo likakwana ndimabwera. Kusaka mawaya kumakoma moto ukangodutsa, udzu utapsa, pansi pali poyera. Muziyenda awiri, mutapempha chilolezo kwa alonda, ndodo yaitali patsogolo, mukusesa njira za nyama zopita kumadzi. Mukaona kamtengo kokula kopindika ngati uta, kumbani pansi pake. Muyang'anenso m'tsinde mwa mitengo, poti waya wa pakhosi satopa, amadikira zaka. Ndipo musangopita kumene mukukumbukira. Pitani kumene munkadutsa mutaledzera.

Inu a kumapeto uko ndakumvani mukung'ung'udza kuti nanga ndiwo tizitenga kuti. Funso limenelo mukafunse a NyaZimba, amene amapita kudimba chokwawa mvula ikagwa, poti ndodo zimatitimira m'matope. Nyama yonse imene ndinapha miyezi isanu ndi umodzi, kunyumba sikunafike ngakhale fupa. Inathera m'chigubu. Yanunso ndikudziwa kumene imathera, tisanamizane.

Mwezi wathawu, mvula isanayambe, ndinapeza uyu ndanyamulayu. Ndi wa 39. Anali pamtengo wa msuku, panjira imene amayi a mudzi womaliza uja amadutsa popita kubowa. Patha zaka zisanu ndi chimodzi, koma anali chitsegukire, wosadyeka, ngati ndamutchera dzulo. Ndinakhala pansi pamtengowo nthawi yaitali. Sindikukumbukira n'komwe kuti ndinafikako kumeneko.

Ndinabwera naye kunyumba. A NyaZimba anali pakhomo pomwe paja, ndodo ili chopingasa. Anamulandira, anamuyang'ana, n'kufunsa funso lawo lija, "Atha?"

Bodza linali kale pamlomo, poti ndakalamba ndipo m'chigafa mumadontha. Koma ndinati, "Sindikudziwa. Sindidzadziwa mpaka kufa."

Anapotokola wayayo m'manja. Kenako anatambasula dzanja, anachotsa ndodo pachitseko n'kuiika pambali. Anati, "Awiske Tiyezge, lowetsani mphasa yanu. Koma mawa mubwelelenso."

Ndinalowa m'nyumba mwanga patatha zaka zisanu, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera kuthengo. Mwendo sunamere. Musachoke pano mukuti nkhani ya Mbewe inatha bwino.

Kachitini kaja ndi aka, ndimayenda nako m'thumba. Timiyala take ndi tomwe tija. Tamverani. Kheche, kheche, kheche. Amayi amene muli muno, kamvetseni bwino, chifukwa amuna anuwa akufuna kuti tsiku lina mudzakalize ndinu.

Mvula ikagwanso kawiri bowa amera. Ine ndikatsika pano sindidikira chakudya, ndalankhula kale ndi alonda, akutidikira pamlatho. Amene muli ndi mawaya m'thengo, thyolani ndodo panjapo munditsate, ming'oma muipeza pobwera. Amene mukuti munapereka onse, chabwino, khalani. Koma musanatuluke mudutse pabenchi yakumbuyo, muime pamaso pa a NyaZimba, muwauze nokha kuti anu atha.